Foni kapena kompyuta ikapempha cilolezo: zofunika kudziwa musanadine "Yes"

Anthu ambiri m'boma la Kasenengwa ndi m'madera ena ozungulira mzinda wa Chipata masiku ano amasunga zinthu zofunika kwambiri m'mafoni ndi m'makompyuta. Mlimi wa ku Chiparamba amayembekezera uthenga wa fataleza ndi mbewu pa foni yake. Mai wogulitsa pa msika wa Kapata amalandira ndalama za ogula kudzera pa foni. Mphunzitsi amasunga maina a ana ndi zotsatira za mayeso m'kompyuta ya pa sukulu.

Mapulogilamu a m'makina onsewa amafuna kukonzedwanso nthawi ndi nthawi, nchito imene ambiri amaichula kuti apudeti. Pa nthawi imeneyi m'pamene pamatulukira kabokosi ka mau a Cingelezi kofunsa ngati mwini wake alola kuti pulogilamu isinthe zinthu m'makinamo. Nthawi zina apudeti ikatha, munthu amapeza kuti mwalowanso mapulogilamu ena amene sanawaitane.

Anthu ena amadina "Yes" mwamsanga kuti kabokosiko kangocoka. Ena amacita mantha, ndipo amakana apudeti iliyonse. Njira ziwiri zonsezi zingathe kutayitsa munthu ndalama kapena zikalata. Cofunika ndi kudziwa kumene funsolo limacokera, amene akufunsa, ndi cimene akupempha.

Kumene funsoli limacokera

Mlendo akafika pa nyumba amaima pabwalo ndi kunena odi, ndipo mwini nyumba ndiye amaona ngati n'koyenera kumulowetsa. Kabokosi ka cilolezo kamagwira nchito yonga imeneyi.

M'kompyuta muli malo a mitundu iwiri. Pali malo amene munthu amasungamo makalata, nyimbo ndi zithunzi zake. Palinso malo otetezedwa, mmene muli mapulogilamu oyendetsa makina onse. Pulogilamu imene yaloledwa kulowa m'malo otetezedwawa ingathe kuika mapulogilamu ena, kufafaniza zinthu, kuzimitsa citetezo, ngakhale kuona zimene munthu akulemba.

M'masiku a Windows XP, anthu ambiri anali kugwiritsa nchito makompyuta ao ndi mphamvu zonse za woyang'anira. Motero pulogilamu iliyonse imene atsegula inali kulowa paliponse popanda kufunsa, ndipo mavairasi anali kufala mosavuta. Pofuna kucepetsa vutoli, kampani ya Microsoft inaika dongosolo lochedwa User Account Control mu Windows Vista, imene inayamba kugulitsidwa kwa anthu onse mu January 2007. Kuyambira pamenepo, pulogilamu yofuna kulowa m'malo otetezedwa imayamba yapempha.

Mu Windows 10 ndi Windows 11, funsoli limalembedwa kuti: "Do you want to allow this app to make changes to your device?" Tanthauzo lake ndi lakuti: kodi mulola kuti pulogilamu iyi isinthe zinthu m'makina anu? Funsoli likabwera, sikirini yonse imacita mdima ndipo simungadine pena paliponse kufikira mutayankha. Mdimawo si cizindikiro cakuti kompyuta yaonongeka. Unaikidwa dala kuti pulogilamu yoipa isathe kudziyankhira yokha.

Apudeti yoona nayonso imapempha

Kuona kabokosika sikutanthauza kuti m'kompyuta mwalowa vairasi. Apudeti yoona imafunika kucotsa mbali zakale za pulogilamu ndi kuikapo zatsopano, ndipo mbali zimenezi kawirikawiri zimakhala m'malo otetezedwa. Pulogilamu yoyendetsa makina osindikizira mapepala, yowerengera zikalata kapena yoteteza ku mavairasi siingakonzedwenso popanda kufika m'malo amenewo.

Kabokosiko sikadziwa ngati pulogilamuyo ili ndi colinga cabwino kapena coipa. Kamangosonyeza dzina la pulogilamu ndi la amene anaipanga. Ngati kampani yopanga inaikapo cidindo cake ca pa kompyuta, pamalembedwa mau akuti "Verified publisher", otsatiridwa ndi dzina la kampaniyo. Ngati palibe cidindo, pamwamba pa kabokosi pamakhala mtundu wacikasu ndipo pamalembedwa kuti wopanga ndi "Unknown", kutanthauza wosadziwika. Mukadina pa mau akuti "Show more details", mumaona malo enieni a m'kompyuta amene pulogilamuyo ikucokera.

Cidindo ndi umboni wamphamvu, koma si citsimikizo cotheratu. Mu September 2017 kunadziwika kuti acifwamba a pa intaneti analowetsa pulogilamu yoipa m'kati mwa CCleaner, pulogilamu yochuka yoyeretsera makompyuta. Mtundu woipitsidwawo unali ndi cidindo ceniceni ca kampani, ndipo unafika m'makompyuta oposa 2 miliyoni. Zotere sizicitika kawirikawiri, koma zikusonyeza kuti cidindo cokha sicikwanira.

Mafunso atatu musanayankhe

Funso loyamba ndi lakuti: kodi ndine ndayambitsa zimenezi? Ngati mwatsegula nokha pulogilamu yoika zinthu, kapena mwadina nokha pa mau ovomereza apudeti, kabokosiko n'koyembekezeka. Koma ngati katulukira pamene mukuwerenga nkhani pa intaneti, pamene mwangolowetsa fulashi ya mnzanu, kapena pamene simunakhudze ciliconse, yankho loyenera ndi "No".

Funso laciwiri ndi lakuti: kodi akupempha ndani? Dzina la wopanga liyenera kugwirizana ndi pulogilamu imene mukukonza. Ngati mukukonzanso Adobe Reader koma dzina loonekera ndi la kampani imene simunaimvepo, imani.

Funso lacitatu ndi lakuti: kodi cimene akupempha cikugwirizana ndi nchito yake? Cithunzi, nyimbo kapena kalata sizifuna cilolezo cosintha makina. Ngati mwadina pa cinthu cimene mwauzidwa kuti ndi kalata ya nchito kapena mndandanda wa maina, kenaka pabwera kabokosi kopempha cilolezo, dziwani kuti cinthuco ndi pulogilamu imene yadzibisa.

Kudina "No" sikuononga kompyuta. Ngati apudetiyo inali yoona, idzabweranso, kapena mungathe kuiyambitsa nokha mutafunsa kwa wodziwa. Koma "Yes" wodinidwa molakwa ndi wovuta kubweza.

Mbasela imene simunapemphe

Pa msika, wogulitsa tomato kapena kapenta amaonjezera mbasela kuti wogula adzabwerenso. Mbaselayo ndi mphatso yocokera kwa wogulitsa. M'mapulogilamu aulere mulinso mbasela, koma yoyenda mwa njira ina: amene amapindula nayo si wolandira ai, koma wopereka.

Kupanga pulogilamu kumadya ndalama. Makampani ena amene amagawa mapulogilamu kwaulere amapeza ndalama mwa kunyamula katundu wa makampani ena m'kati mwa pulogilamu yao. Nthawi iliyonse imene munthu walola pulogilamu yoonjezerayo kulowa m'makina ake, wonyamulayo amalipidwa. M'caka ca 2016, ofufuza a kampani ya Google ndi a New York University anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa malonda amenewa. Iwo anapeza kuti malipiro anali kuyambira pa masenti 10 kufika pa dola imodzi ndi theka ya ku America pa kompyuta iliyonse, malinga ndi dziko limene kompyutayo ili. Anaonanso kuti dongosolo la citetezo la Google linali kupereka macenjezo oposa 60 miliyoni sabata iliyonse okhudza mapulogilamu osafunika otere.

Mcitidwewu si wa makampani ang'onoang'ono okha. Kwa zaka zingapo, pulogilamu ya Java ya kampani ya Oracle inali kubwera ndi Ask Toolbar, kapulogilamu kamene kanali kudziika pamwamba pa pulogilamu yoonera masamba a pa intaneti ndi kusintha njira yofufuzira. Kabokosi kovomereza kanali kubwera katacongedwa kale, ndipo amene sanawerenge anali kulandira mbaselayo pamodzi ndi apudeti. M'caka ca 2015 Oracle inagwirizana ndi Yahoo, ndipo pempho la Yahoo linatenga malo a Ask. Tsamba lotengerapo Adobe Reader nalonso kwa zaka zambiri linali kuonetsa pulogilamu ya McAfee monga coonjezera.

M'caka comweco ca 2015, ogwiritsa nchito pulogilamu ya uTorrent anadandaula atapeza kuti apudeti inabwera ndi pulogilamu yochedwa Epic Scale, imene inali kugwiritsa nchito mphamvu ya makompyuta ao kupanga ndalama za pa intaneti. Kampaniyo inati pulogilamuyo inali yosankha, koma ambiri ananena kuti sanaone pamene anavomerezera.

Mapulogilamu ambiri oonjezerawa si mavairasi enieni. Komabe amacedwetsa kompyuta, amadzaza sikirini ndi zotsatsa malonda, amasonkhanitsa mbiri ya masamba amene munthu amawerenga, ndipo amadya bandulo. Kwa munthu wa kumudzi amene amagula bandulo yaing'ono ya tsiku limodzi, kutaya kumeneku si kocepa.

Mmene mbasela imabisidwira

Njira yoyamba ndi kabokosi kocongedwa kale. Pa tsamba limodzi mwa masamba oikira pulogilamu, pansi pa mau aakulu, pamakhala mzere wa zilembo zazing'ono wonena kuti mwavomera kulandira cinthu cina. Mukadina "Next" osacotsa congaco, mwavomera.

Njira yaciwiri ndi kusankhitsa pakati pa njira yofulumira ndi njira yoona zonse. Yofulumira imalembedwa kuti "Express", "Quick" kapena "Recommended". Yoona zonse imalembedwa kuti "Custom" kapena "Advanced", ndipo nthawi zina amalembapo kuti ndi ya akatswiri okha. Zoona zake n'zakuti njira yaciwiriyi si yovuta, ndipo m'mene mumaonekera mndandanda wa zonse zimene zikufuna kulowa.

Njira yacitatu ndi tsamba looneka ngati pangano la pulogilamu imene mukufuna, pomwe ndi pangano la pulogilamu ina. Batani la "Accept" limakhala lalikulu ndi lowala, pamene la "Decline" kapena "Skip" limakhala laling'ono ndi lotuwa, ngati losagwira nchito. Kudina "Decline" pa tsamba lotere sikuletsa pulogilamu yanu kulowa. Kumangokana mlendo woonjezerayo.

Njira yacinai ndi masamba a pa intaneti okhala ndi mabatani ambiri olembedwa "Download". Batani lalikulu lobiriwira kawirikawiri limakhala lotsatsa malonda. N'cifukwa cake ndi bwino kutenga pulogilamu pa tsamba la kampani imene inaipanga kapena mu Microsoft Store, osati pa tsamba lililonse limene layamba kuoneka pofufuza.

Zilolezo za m'foni

M'madera ngati Kasenengwa, anthu okhala ndi mafoni ndi oculuka kuposa okhala ndi makompyuta, ndipo mafoni ambiri olowa pa intaneti amayendera Android. M'mafoni amenewa mafunso a cilolezo amabwera mwa njira ina.

Kale munthu anali kuvomera zilolezo zonse pamodzi pa nthawi yoika pulogilamu. Kuyambira ndi Android 6 m'caka ca 2015, pulogilamu imapempha cilolezo ciliconse pacokha, pa nthawi imene ikucifuna. Ici ndi cifukwa cake pulogilamu imene mwakhala nayo kwa nthawi yaitali ingathe kupempha cinthu catsopano pambuyo pa apudeti. Mwina aionjezera nchito yatsopano, monga kujambula zikalata ndi kamera. Mwinanso eni ake ayamba kusonkhanitsa zinthu zoti agulitse kwa otsatsa malonda.

Muyeso wake ndi womwe uja. WhatsApp imafuna kamera ndi maikolofoni kuti mujambule zithunzi ndi kuimba foni. Koma pulogilamu ya tochi, ya masewera kapena yosinthira cithunzi ca pa sikirini ilibe cifukwa cowerengera mauthenga anu kapena kuona manambala a abale anu. Kuyambira ndi Android 11 m'caka ca 2020, pa zilolezo za kamera, maikolofoni ndi malo amene muli, mungathe kusankha "Only this time", kutanthauza kulola kwa nthawi imeneyo cabe.

Pali zilolezo zinai zofunika kusamala nazo kwambiri. Ca "SMS" cimalola pulogilamu kuwerenga mauthenga, kuphatikizapo manambala acinsinsi amene banki kapena kampani ya foni imatumiza potsimikizira malipiro. Ca "Accessibility" cinapangidwa kuti cithandize anthu osaona bwino ndi olumala, koma cimapatsa pulogilamu mphamvu yoona zonse za pa sikirini ndi kudina m'malo mwa mwini foni. Ca "Display over other apps" cimalola pulogilamu kuika cithunzi cake pamwamba pa pulogilamu ina, moti ingathe kuonetsa tsamba labodza lopempha PIN. Ca "Device admin" cimacititsa kuti pulogilamu ikhale yovuta kucotsa. Kwa munthu amene amasunga ndalama za cimanga kapena fodya mu MTN MoMo kapena Airtel Money, kupereka zilolezo zimenezi kwa pulogilamu yosadziwika ndi kuika ndalamazo pa ngozi.

Mapulogilamu okongoza ndalama pa foni anachuka m'maiko ambiri cifukwa cotenga manambala a m'foni ya wokongola ndi kumaimbira abale ake pofuna kumucititsa manyazi. Kuyambira pa 31 May 2023, Google inaletsa mapulogilamu a ngongole a mu Play Store kupempha manambala ndi zithunzi za m'foni. Pulogilamu ya ngongole imene ikupemphabe zimenezi ndi yofunika kuikayikira.

Mapulogilamu opatsana pamanja

Cifukwa ca kukwera mtengo kwa mabandulo ndi kufooka kwa netiweki m'midzi ina, anthu ambiri amapatsana mapulogilamu kudzera pa Xender, SHAREit kapena Bluetooth. Ena amapereka foni kwa anyamata okonza mafoni m'tauni kuti awaikire zonse. Mapulogilamu olowa mwa njira imeneyi sadutsa mu Play Store, ndipo foni imacenjeza kuti siiloledwa kuika mapulogilamu osadziwika ocokera kumeneko. Kuyambira ndi Android 8 m'caka ca 2017, cilolezo cimeneci, cochedwa "Install unknown apps", cimaperekedwa kwa pulogilamu iliyonse payokha. Ngati mwacitsegula pa cifukwa comveka, citsekeni mukangomaliza.

Ngozi yaikulu ili m'mapulogilamu osinthidwa monga GB WhatsApp ndi FM WhatsApp, amene acinyamata amawakonda cifukwa ca mitundu yokongola ndi kuonetsa mauthenga ofafanizidwa. Paja akuluakulu amati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. M'caka ca 2021, kampani ya citetezo ya Kaspersky inapeza pulogilamu yoipa yochedwa Triada m'kati mwa mtundu wina wa FM WhatsApp. Pulogilamuyo inali yotha kuwerenga mauthenga ndi kulembetsa mwini foni ku mautumiki olipira iye osadziwa. Kampani ya WhatsApp nayonso imatseka maakaunti a anthu ogwiritsa nchito mitundu yosavomerezeka imeneyi. Mapulogilamu otere amapemphanso apudeti kawirikawiri kucokera ku masamba osadziwika, ndipo apudeti iliyonse ndi mpata wina woti zoipa zilowe.

Nthawi zina zoonjezera zimabwera foni ikali m'bokosi. Mu August 2020, gulu la Secure-D linalengeza kuti linapeza Triada ndi xHelper m'mafoni a Tecno W2 okwana pafupifupi 53,000, ogulitsidwa m'maiko monga Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa. Mapulogilamuwo anali kudya bandulo ndi kuyesa kulembetsa eni mafoni ku mautumiki olipira. Kampani ya Transsion, imene imapanga Tecno, itel ndi Infinix, inati vutolo linacokera kwa mmodzi mwa opereka zipangizo, ndipo inatulutsa apudeti yolithetsa. Apa mankhwala ake anali apudeti yoona.

Apudeti yabodza

Anthu acinyengo amadziwa kuti mau akuti apudeti amamveka ofunika. Motero amapanga masamba a pa intaneti onena kuti foni yanu ili ndi mavairasi, kuti Chrome yanu yakalamba, kapena kuti WhatsApp yanu idzatsekedwa lero ngati simudina pa mzere umene akupatsani.

Tsamba la pa intaneti silingathe kupima mavairasi m'foni yanu. Apudeti yoona ya Windows imapezeka mu "Settings", pa "Windows Update". Ya foni imapezekanso mu "Settings", ndipo ya mapulogilamu a m'foni imadzera mu Play Store. Chrome ya pa kompyuta imadzikonza yokha mwakacetecete. Palibe apudeti yoona imene imabwera ngati mzere wodina mu SMS kapena m'gulu la WhatsApp, ndipo palibe imene imafuna PIN ya ndalama zanu.

Citsanzo cosavuta kukumbukira ndi ca Adobe Flash Player. Kampani ya Adobe inasiya pulogilamu imeneyi pa 31 December 2020. Conco uthenga uliwonse wokuuzani lero kuti mukonzenso Flash Player ndi wabodza.

Cizindikiro cina ndi kufulumizitsa. Uthenga wokhala ndi koloko yowerenga masekondi, mau oopseza kapena foni yonjenjemera umafuna kuti mudine musanaganize. Tsekani tsambalo osadina ciliconse ca m'kati mwake.

Kukana zonse si citetezo

Ena akamva zonsezi amaganiza zozimitsa apudeti iliyonse, makamaka pofuna kusunga bandulo. Kucita tero ndi kusiya nyumba yobooka denga nyengo ya mvula ikuyandikira. Mapulogilamu onse amakhala ndi zolakwika zimene zimadziwika pang'onopang'ono, ndipo apudeti ndiyo imatseka mipata imeneyo.

Mu May 2017, pulogilamu yoipa yochedwa WannaCry inatseka zikalata m'makompyuta a m'maiko oposa 150, ndi kufuna dipo kuti itsegule. Zipatala zambiri za ku Britain zinakakamizika kubweza odwala. Komatu Microsoft inali itatulutsa kale apudeti yotseka mpata umenewo mu March caka comweco. Ambiri mwa amene anavutika anali asanaiike.

Makompyuta akale ndi ofunika kuwaganizira. Microsoft inasiya kukonza Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo cithandizo ca nthawi zonse ca Windows 10 cinatha pa 14 October 2025. Makompyuta ogulidwa kwa ena kapena operekedwa ngati mphatso ku masukulu kawirikawiri amakhala ndi mitundu yakale imeneyi. Ndi bwino kupewa kucitirapo za banki, ndiponso kusunga zikalata zofunika pamalo ena apadera.

Kuyambira pamene ana a giredi 9 analemba koyamba mayeso a maphunziro a makompyuta m'caka ca 2015, masukulu ambiri akhala ndi makompyuta ocepa ogwiritsidwa nchito ndi ana oculuka. Pa makina otere, akaunti ya woyang'anira ikhale ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri, ndipo ana azigwiritsa nchito akaunti wamba. Zikatero, kabokosi ka cilolezo sikakhutira ndi "Yes" yekha, koma kamafuna mau acinsinsi a woyang'anira. Dongosolo lomweli lingathandize pa cipatala, pa ofesi ya gulu la alimi, ngakhale pa nyumba.

Ngati mwavomera kale

Amene wazindikira kuti anadina molakwa asataye mtima. Pa kompyuta, lowani mu "Settings", kenaka "Apps", ndipo muyalitse mndandanda molingana ndi tsiku loikira. Zimene zinalowa tsiku limodzi ndi apudeti, zomwe simukuzidziwa, mungathe kuzicotsa mutafufuza dzina lake. Onaninso tumapulogilamu toonjezera ta mu Chrome kapena Edge, pa mbali yochedwa "Extensions". Pomaliza pimani makina onse ndi Windows Security, imene imabwera kale m'kompyuta ndipo ili ndi mbali yotsekereza mapulogilamu osafunika.

Pa foni, lowani mu "Settings" ndi kufuna "Permission manager", kumene mungaone mapulogilamu onse ololedwa kuwerenga mauthenga, kuona manambala kapena kumvetsera. Cilolezo ciliconse cingathe kulandidwa. Tsegulaninso Play Store ndi kupima foni ndi Play Protect. Ngati bandulo kapena ndalama zoimbira zikutha mosadziwika, funsani kampani yanu ya foni ngati nambala yanu inalembetsedwa ku utumiki wolipira.

Ngati pulogilamu yokayikitsa inali ndi cilolezo ca mauthenga kapena ca "Accessibility", icotseni coyamba, kenaka sinthani PIN ya ndalama ndi mau acinsinsi a maakaunti anu. Kusintha PIN pulogilamuyo ikali m'foni ndi kuipatsanso nambala yatsopanoyo.

Popereka foni kwa wokonza, cotsani SIM ndi kadi yosungira zithunzi ngati n'kotheka, ndipo musapereke PIN ya ndalama. Polandira foniyo, funsani mapulogilamu amene aikamo ndi kumene awatenga. Wokonza woona mtima sangakhumudwe ndi funso limeneli.

Malamulo ndi kodandaulira

Dziko la Zambia lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, Data Protection Act ya m'caka ca 2021. Lamuloli limafuna kuti wosonkhanitsa mbiri ya munthu akhale ndi cifukwa covomerezeka, monga cilolezo ca mwini wake, ndipo linakhazikitsa ofesi ya Data Protection Commissioner. M'caka ca 2025 kunakhazikitsidwanso malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, amene analowa m'malo mwa lamulo la m'caka ca 2021 lokhudza citetezo ndi milandu ya pa intaneti.

Amene walandira uthenga wacinyengo angathe kunena nambala yotumizayo ku bungwe loona za mauthenga la ZICTA podina *707#, kapena kuimba kwaulere pa 7070. Amene wabedwa ndalama adziwitse kampani yake ya foni kapena banki mwamsanga, ndi kukanena ku polisi.

Komabe makampani ambiri opanga mapulogilamuwa ali kunja kwa dziko, ndipo ndalama zikapita sizibwerera msanga. Citetezo cofulumira kwambiri cikali m'manja mwa mwini foni, pa mphindi imene kabokosi kaonekera. Ngati mau a Cingelezi ndi ovuta, palibe manyazi kuitana mwana wa sukulu, mphunzitsi kapena mlangizi wa za ulimi kuti awerenge ndi kumasulira musanayankhe. Kabokosiko kamadikira, ndipo apudeti yoona siithawa.